Masamba a dzimbiri tiziwasunga m'sukulu zathu

Aliyense amene analima soya ku Dowa, ku Ntchisi kapena ku Kasungu m'dzinja la 2022 kulowa 2023 sanaiwale zimene anaona. Soya anamera bwino, anachita maluwa, koma makoko atangoyamba kudzadza, masamba a m'munsi anayamba chikasu, kenako anafiira n'kuyoyoka. M'masabata ochepa minda yambiri inatsala timitengo tokhatokha. Popuntha panatuluka tinjere tofwapa. Makolo amene ankadalira ndalama za soya kuti alipire fizi ya teremu yachitatu anasowa pogwira, ndipo ena mwa ife pa koleji pano tinamva nawo kuwawa kwake.

Mukafunsa lero ku Mponela, ku Madisi kapena ku Nambuma kuti chinapha soya chaka chija n'chiyani, mumva mayankho osiyanasiyana. Wina anena mvula yochuluka ya chaka cha namondwe wa Freddy, wina anena mbewu yachinyengo, wina akuti nthaka inaguga, wina angoti chinali chiwawu. Akatswiri a zaulimi anati linali dzimbiri la soya. Koma kodi ndi sukulu zingati m'boma lathu zimene zingatsekule kabati n'kutulutsa tsamba limodzi la chaka chimenecho, lolembedwa mudzi, tsiku ndi mtundu wa mbewu, kuti mwana wa Fomu 3 alione ndi maso ake? Masamba aja anaolera m'mizere, umboni unapita nawo, ndipo m'midzi mwatsala kutsutsana basi.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi ganizo pa nkhaniyi. Sukulu ya sekondale iliyonse ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, ngakhale CDSS ya kumudzi yopanda labotale, iyenera kukhala ndi kankhokwe kake ka masamba odwala oumitsidwa bwino ndi olembedwa bwino. Ndipo oyambitsa ntchitoyi tikhale ifeyo tikangolandira choko.

Tiyambe tamvana kuti dzimbiri la mbewu n'chiyani. Siligwirizana ndi dzimbiri la khasu kapena la malata. Dzina linangobwerekedwa chifukwa cha maonekedwe. Ndi kabowa kakang'ono zedi kamene kamalowa m'tsamba n'kumadya chakudya chimene mbewu yadzipangira. Kakakhwima kamaboola khungu la tsamba n'kutulutsa fumbi lofiirira, lija limatsalira pachala ukapukuta tsamba. Fumbi limeneli ndi timbewu take, ndipo mphepo imatiulutsa mitunda italiitali. Tsamba la soya likakhala lonyowa ndi mame kapena mvula kwa maola pafupifupi 6, timbewuto timamera, ndipo pasanathe masabata awiri pamalo omwewo patuluka fumbi latsopano. N'chifukwa chake munda wooneka bwino kumayambiriro a Febuluwale umapezeka wapsa mu Malichi. Pomwe matendawa afika msanga ndipo mlimi sanapopere mankhwala, zokolola zimatha kutsika ndi magawo 80 pa 100 alionse.

Padziko lonse pali mitundu ya dzimbiri yoposa 7,000, ndipo uliwonse uli ndi zomera zake zimene umagwira. La soya asayansi amalitcha Phakopsora pachyrhizi, la mtedza Puccinia arachidis, la nyemba Uromyces appendiculatus, ndipo la khofi, limene alimi a m'mapiri a Ntchisi amalidziwa, ndi Hemileia vastatrix. Dzimbiri la mtedza silingalumphire ku chimanga. Chovuta chake n'chakuti tibowa timeneti timakhala ndi moyo pa chomera chamoyo chokha. Nkhungu zina, monga chuku cha pa mtedza, asayansi amazilima m'timbale tagalasi mu labotale n'kuzisunga zaka zambiri, koma dzimbiri limakana zimenezo. Njira yodalirika yosungira umboni wa dzimbiri la chaka chakuti pamalo akuti ndiyo kuumitsa tsamba lodwalalo pamodzi ndi zilonda zake. Nyumba yosungiramo zomera zouma zotere imatchedwa herbarium.

Ntchitoyi si yachilendo m'dziko muno. Cha m'ma 1950, katswiri wa matenda a mbewu wa boma la atsamunda, P. O. Wiehe, wochokera ku Mauritius, ankatola masamba odwala m'dziko la Nyasaland n'kumawatumiza ku Commonwealth Mycological Institute, ku Kew, mumzinda wa London. Mu 1953 anatulutsa mndandanda wa matenda a mbewu a dziko lino, ndipo chaka chomwecho iye ndi G. R. Bisby anatulutsa kabuku kena kofotokoza mitundu ya dzimbiri yokhayokha, kotchedwa The Rusts of Nyasaland. Mu 1972 W. T. H. Peregrine ndi M. A. Siddiqi anakonzanso mndandanda wa matenda uja. Zitsanzo zouma za bungwe lija tsopano zikusungidwa ku Royal Botanic Gardens, komweko ku Kew, kumene kuli zitsanzo za bowa zoposa 1 miliyoni. Choncho Mmalawi wofuna kuona dzimbiri limene linkagwira mbewu za agogo athu ufulu usanabwere, njira yake imadzera ku London. Amene anasungawo anachita bwino, sitingawanene. Koma tidzifunse: munthu wofufuza m'chaka cha 2090 adzapeza chiyani chochokera ku Dowa cha zaka zathu zino?

Wina afunsa kuti tsamba louma lakalekale lingathandize chiyani mlimi wa lero. Nkhani ya chimanga ikuyankha. Chimanga chili ndi mitundu iwiri ya dzimbiri yodziwika kwambiri, Puccinia sorghi ndi Puccinia polysora. Wachiwiriyu anapatsidwa dzina mu 1897 atapezeka pa udzu wina wa ku Alabama, m'dziko la America, ndipo kwa zaka zambiri anthu sankadziwa kuti amagwiranso chimanga. Mu 1941 George Cummins wa ku yunivesite ya Purdue anatsekula maenvulopu akale a masamba a chimanga, n'kuwaika pa maikulosikopu, ndipo anapeza kuti ena mwa masamba amene analembedwa kuti ndi Puccinia sorghi anali ndi Puccinia polysora. Otolawo anaphonya dzina, koma poti anasunga tsamba lenilenilo, wobwera pambuyo anatha kukonza. Patangopita zaka zisanu ndi zitatu, mu 1949, dzimbiri lachilendo linabuka ku Sierra Leone n'kuwononga chimanga kumadzulo kwa Africa. Linafika ku Kenya mu 1952, ndipo posakhalitsa linatsikira kum'mwera kuno. Linali Puccinia polysora lomwe lija, ndipo akatswiri anali ndi poyambira polizindikira chifukwa ntchito yosiyanitsa mitundu iwiriyi inali itachitika kale pa masamba ouma.

Masiku ano tsamba louma limanena zambiri kuposa kale, chifukwa asayansi amatha kutengamo DNA. Mu 2013 ofufuza anagwiritsa ntchito masamba a mbatata ya kachewere amene anakhala zaka zoposa 100 m'makabati a ku Kew ndi ku Munich, ndipo anazindikira mtundu weniweni wa chiwawu chimene chinabweretsa njala yaikulu ku Ireland kuyambira mu 1845. Chiwawu cha kachewere si dzimbiri, koma phunziro lake ndi lomwelo. Amene ankaumitsa masambawo sankadziwa n'komwe za DNA. Anangosunga mosamala n'kulemba zoona.

Tsopano taonani mbiri ya dzimbiri la soya. Linalembedwa koyamba ku Japan mu 1902. Linatsimikizidwa ku Uganda mu 1996, ku Zimbabwe mu 1998, ndi ku South Africa mu 2001. Lipoti loyamba la asayansi lotsimikiza kuti lili ku Malawi linasindikizidwa mu 2015. Kuchokera 1998 kufika 2015 pali zaka 17, ndipo mphepo sifunsidwa chiphaso pachipata cha Mchinji kapena cha Dedza. Pakanakhala sukulu zosunga masamba a soya chaka ndi chaka, bwenzi lero ofufuza akutsata mapazi a matendawa boma ndi boma, akuona mitundu ya soya imene inkapirira ndi imene inkagonja msanga, komanso akuyerekeza kabowa ka zaka zimenezo ndi kamene kanatisautsa mu 2023. Obereketsa mbewu zopirira matenda amafuna zinthu zotere, chifukwa dzimbiri limasintha, ndipo mbewu yopirira lero imatha kugonja mawa.

Boma lathu la Dowa lili ndi mwayi wina umene maboma ambiri alibe. Dzimbiri la Puccinia sorghi limakonda malo okwera ndi ozizira. Zilonda zake n'zotalikirapo, zofiirira moderapo, ndipo zimaoneka mbali zonse ziwiri za tsamba. La Puccinia polysora limakonda malo otentha ndi achinyontho. Zilonda zake n'zazing'ono, zozungulira, zowala ngati lalanje, ndipo zimachuluka pamwamba pa tsamba. Munthu wochoka kumapiri a Dowa n'kutsika ndi msewu wa Mvera kulowera ku Salima amachoka m'dera lozizira n'kulowa m'dera lotentha pa ulendo wa maola ochepa. Sukulu za m'mbali mwa msewu umenewu zitamatola masamba a chimanga mwezi umodzimodzi chaka chilichonse, patatha zaka khumi zingathe kuonetsa pamene mtundu wina umalekezera ndi pamene unzake umayambira, ndiponso ngati dzimbiri la kunyanja likukwera mapiri pamene nyengo ikutentherapo. Ameneyu ndi kafukufuku weniweni, ndipo angachitike ndi ana a yunifolomu.

Ena anena kuti imeneyi ndi ntchito ya boma. N'zoona kuti tili ndi National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Tilinso ndi akatswiri a matenda a mbewu ku Chitedze ndi ku Bvumbwe. Koma anthu amenewa ndi ochepa, galimoto ndi mafuta n'zoperewera, ndipo dzimbiri limabuka nthawi imodzi m'maboma ambiri, m'miyezi yomwe misewu ya kumidzi ili matope okhaokha. Mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja ochuluka kuposa amene angawayendere. Sukulu yokha ndi imene ili paliponse, ku Bowe, ku Chisepo, ku Nalunga, ku Malomo, ndipo m'mawa uliwonse imalandira ana amene adutsa m'minda ya soya, mtedza, nyemba ndi chimanga. Teremu yachiwiri, kuyambira Januwale, imagwera m'nyengo yeniyeni ya dzimbiri.

Phindu loyamba lidzagwera m'kalasi momwemo. Tonse tikudziwa mmene matenda a mbewu amaphunzitsidwira m'sukulu zambiri: mphunzitsi alemba pa bolodi dzina la nthenda, choyambitsa, zizindikiro ndi kapewedwe, ana akopera, aloweza, akalemba pa mayeso a MSCE, basi. Mwana akhoza bwino Agriculture koma akafika kumunda kwa mayi ake sangasiyanitse dzimbiri ndi chikasu chobwera chifukwa cha kuchepa kwa chakudya m'nthaka. Pano pa koleji amatiphunzitsa za TALULAR, kuti tiziphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwe tili. Nanga pali chipangizo chopezeka msanga ku Dowa kuposa tsamba la soya? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene watembenuza tsamba, waona timatuza ta kunsi kwake, wawerenga, wajambula ndi kulemba tsiku, waphunzira sayansi ndi manja ake. Ndipo phunziroli likagwera mu Okutobala, kunja kuli gwa, mphunzitsi angotsekula kabati.

Phindu lachiwiri lidzapita kunyumba ndi mwanayo. Mlimi akaona masamba achikasu amathamangira kumsika, ndipo kumeneko akhoza kugula feteleza kapena mankhwala ophera mbozi, zomwe sizichita kanthu pa kabowa. Mankhwala a dzimbiri ndi ena, ndipo amathandiza akapoperedwa msanga, zizindikiro zitangoyamba pa masamba a m'munsi, makamaka kuyambira nthawi ya maluwa. Masamba akayoyoka ndiye kuti madzi atayika, saolekanso. Mwana wodziwa kuwerama n'kuyang'ana kunsi kwa masamba a pansi akhoza kuchenjeza kwawo sabata imodzi kapena awiri matenda asanafalikire, kuti makolo akafunse mlangizi mankhwala oyenera. Pa dzimbiri, masabata awiri amenewo ndi matumba.

Kachitidwe kake sikafuna ndalama zambiri. Pafunika matabwa awiri, nyuzipepala zakale, njerwa zingapo, pensulo ndi mapepala opinda ngati envulopu. Ana apemphe kaye kwa mwini munda, kenako athyole masamba angapo odwala, osanyowa, ena ongoyamba kumene ndi ena odwala kwambiri, pamodzi ndi tsamba limodzi labwino loyerekezera. Masambawo ayalidwe pakati pa nyuzipepala, apanikizidwe ndi matabwa ndi njerwa pamalo ouma, ndipo nyuzipepala zisinthidwe tsiku ndi tsiku mpaka masamba atauma kuti gwa, zomwe zimatenga pafupifupi sabata. Asaikidwe m'jumbo, chifukwa amachita nkhungu n'kuola. Asaumitsidwe pamoto kapena ndi simbi, chifukwa kutentha kwambiri kumawononga zimene ofufuza adzafune m'tsogolo. Asamatidwe ndi guluu kapena selotepi pa zilonda. Akauma alowe mu envulopu ya pepala.

Chofunika kuposa zonse ndi kapepala kofotokoza. Tsamba lopanda kapepala ndi chinyalala chabe. Palembedwe ndi pensulo, poti inki imayenderera ikanyowa: dzina la mbewu ndi mtundu wake, kaya ndi Tikolore, Makwacha kapena Nasoko, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, tsiku lathunthu ndi chaka, msinkhu wa mbewu, ngati inali pa maluwa kapena pa makoko, kuchuluka kwa matenda m'mundamo, ngati munapoperedwa mankhwala, ndi dzina la wotola. Dzina la nthenda lilembedwe pomaliza, ndipo mwana asaope kuphonya. Nkhani ya Cummins yationetsa kuti dzina limakonzeka, koma malo ndi tsiku zikasowa palibe angazibwezeretse. Pa chitsanzo chilichonse pakhale maenvulopu awiri, ina yotsala pasukulu, ina yoti idzaperekedwe kwa akatswiri kudzera mwa mlangizi wa m'deralo.

Pali mafunso ena oyenera kuyankhidwa moona mtima. Loyamba: kodi sitifalitsa matenda posunga masamba odwala? Timbewu ta dzimbiri la soya tikauma sitikhala ndi moyo nthawi yaitali, ndipo fumbi la mu envulopu yotseka n'lochepa kwambiri poyerekeza ndi limene mphepo ikuulutsa m'minda yozungulira sukuluyo. Komabe malamulo akhalepo. Ana asambe m'manja ndipo asachoke m'munda wodwala n'kulowa m'munda wabwino ndi zovala zomwezo. Masamba aawisi asatengedwe kupita kudera lina. Kutumiza zitsanzo kunja kwa dziko ndi ntchito ya akatswiri okhala ndi chilolezo, osati ya sukulu.

Lachiwiri: bwanji osangojambula pa foni? Tijambule ndithu, chithunzi chimasunga mtundu wa tsamba lisanaume. Koma chithunzi sungachiike pa maikulosikopu kuti uyeze timbewu, ndipo sungatengemo DNA. Komanso tiyeni tinene zoona: ndi angati mwa ife amene adakali ndi zithunzi za mu foni imene anali nayo ali Fomu 2? Mafoni amabedwa, amagwera m'madzi, makadi amafufutika. Envulopu ya pepala yosungidwa pouma imatha zaka 100 osafuna magetsi kapena bandulo.

Lachitatu ndi lolemera kwambiri: chiswe, makoswe, njenjete ndi denga lodontha. Sukulu zambiri zimalephera kusunga ngakhale mabuku. Pamenepa yankho ndi kuyamba pang'ono. Ndowa imodzi ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro chothina, yoikidwa pa shelefu mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, imakwana maenvulopu ambiri. Itsekulidwe kamodzi pa teremu kuti ionedwe, ndipo komwe kuli firiji yozizira kwambiri maenvulopu akhalemo masiku angapo kuti tizilombo tife. Vuto lina ndi kusamutsidwa kwa aphunzitsi. Kankhokweka kakhale ka sukulu, kalembedwe m'kaundula wa katundu wa sukulu ngati madesiki, ndipo kakhale ndi buku lake limene wosamuka azisiyira wolowa m'malo mwake.

Lachinayi: mphunzitsi wa ana 90 m'kalasi, wokhala ndi silabasi yoti amalize, nthawi aipeza kuti? Sitikupempha phunziro latsopano. Matenda a mbewu ali kale mu Agriculture, ndipo magulu a zamoyo ali kale mu Biology. Tikungopempha kuti maphunziro awiri kapena atatu pa chaka achitikire kumunda wa sukulu kapena wa mnansi, ndipo gulu la ana asanu lizisintha nyuzipepala kwa sabata imodzi. Sukulu 20 zitasunga zitsanzo 10 zokha pa chaka, patatha zaka 10 boma la Dowa likhala ndi zitsanzo 2,000 zolembedwa malo ndi tsiku.

Kwa aphunzitsi athu a pa koleji, pempho lathu n'lakuti kuumitsa ndi kulemba zitsanzo kukhale mbali ya maphunziro a kaphunzitsidwe ka sayansi, ndipo wophunzira aliyense wopita kukayeserera ntchito m'nyengo ya dzinja asiye maenvulopu asanu pasukulu imene watumizidwa. Kwa akuluakulu a ku Zomba ndi ku Chitedze, tikupempha kapepala ka tsamba limodzi, ka m'Chichewa, kofotokoza mmene iwo akufunira kuti zitsanzo zikonzedwe ndi kumene zingaperekedwe, kuti khama la ana lisathere m'ndowa. Kwa makolo ndi akulu a m'mipingo amene muli m'makomiti a sukulu, ana akabwera kudzapempha masamba atatu m'munda mwanu aloleni, ndipo nyuzipepala zakale musakulungire zonse mandasi.

Anzathu ophunzira, ambiri mwa ife tipita kwathu pa tchuthi mbewu zili m'munda. Tengani pensulo. Lowani m'munda wa soya kapena wa mtedza, weramani, tembenuzani masamba a pansi. Mukapeza fumbi lofiirira, panikizani tsambalo m'nyuzipepala, lembani mudzi ndi tsiku, ndipo pobwerera mubwere nalo tidzayerekeze la ku Mvera ndi la ku Malomo.